Mafuta odzola opangira pakhomo: phula, masamba ndi kabotolo kofunika kusamala nako

Miyezi ya June ndi July ikafika m'dera la Inkosi Champiti ku Ntcheu, chisanu chimalemba pakhungu. Ana amatuwa miyendo, milomo imasweka, zidendene za amayi zimachita ming'alu. Agogo athu ankathana nazo ndi nsatsi. Ankakazinga, kusinja, kuwiritsa m'madzi, kenako n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Nzeru imeneyi sinafe, yangosintha maonekedwe: lero anthu akusakaniza mafuta ophikira, phula la njuchi ndi masamba a mitengo n'kupanga mafuta olimba ngati Zam-Buk wa m'golosale.

Kapangidwe kake n'kosavuta, ndipo bungwe la anamed, lomwe adaliyambitsa katswiri wa mankhwala wa ku Germany Hans-Martin Hirt, lakhala likuphunzitsa njira yotereyi m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kuno. Masamba a nimu kapena bulugamu aumikeni pamthunzi mpaka ayambe kufumbutuka m'manja. Pamenepa musachite ulesi, chifukwa tsamba laliwisi limalowetsa madzi m'mafuta ndipo nkhungu simachedwa. Sinjani, thirani magalamu 100 a ufawo mu lita imodzi ya mafuta a mtedza kapena a mpendadzuwa. Poto wa mafutayo asakhale pamoto mwachindunji. Muikeni mumphika wa madzi owira kwa ola limodzi, apo ayi mukazinga masambawo. Sefani ndi nsalu yoyera, sungunuliranimo magalamu 100 a phula, ndipo donthezani pang'ono pa supuni yozizira. Akalimba bwino, thirani m'timabotolo touma. M'nyengo yotentha onjezani phula. Alimi ambiri a njuchi amataya zisa akafinya uchi, osadziwa kuti akutaya phula, chinthu cha ndalama.

Mafutawa amagwira ntchito chifukwa phula ndi mafuta zimaphimba khungu kuti chinyezi chisathawe. N'chifukwa chake ming'alu imafewa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi timabotolo ting'onoting'ono tolembedwa kuti essential oil, tomwe tikupezeka m'mafamase ndi kwa ochita geni ochokera ku Joni. Amenewa si mafuta wamba. Amawatcheza ndi nthunzi kuchokera ku milu ya masamba, kotero mphamvu ya masamba ochuluka imadzaunjikana m'madontho ochepa. A bulugamu ali ndi mankhwala otchedwa cineole, amene amachititsa kuti mphuno imveke ngati yatseguka. Ambiri tidalidziwa fungo limeneli mu 2021, pomwe anthu ankafukiza bulugamu poopa Covid-19. Koma mafutawa akapakidwa osasungunula amawotcha khungu, ndipo mwana akamwa ngakhale pang'ono angathe kukomoka kapena kugwa khunyu. Muyezo wabwino kwa munthu wamkulu ndi madontho 20 pa magalamu 100 a mafuta odzolawo, othiridwa atayamba kuzizira kuti fungo lisauluke. Yesani kaye pamkono n'kudikira tsiku limodzi. Khanda ndi mwana wosakwana zaka ziwiri musawapake konse, makamaka kumaso ndi m'mphuno. Mayi woyembekezera afunse kaye kusikelo.

Palinso matenda amene mafuta odzolawa sangawathe. Mphere zimayamba ndi tizilombo tokumba m'khungu, ndipo zimafuna mankhwala monga benzyl benzoate, banja lonse lilandire pamodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mafuta aliwonse. Chilonda chotuluka mafinya, kapena chosapola pa phazi la wodwala shuga, chipite kuchipatala chapafupi kapena ku Ntcheu boma tsiku lomwelo.

Amene akufuna kugulitsa alembe pa kabotolo tsiku lopangira ndi zonse zimene athiramo. Akalemba kuti mafutawo amachiza matenda, adziwe kuti alowa m'gawo loyang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ayenera kukafunsa kumeneko asanapite nawo pamsika.