Kansa ya Kapamba: Maso Akacita Cikasu Musacedwe

Kapamba amene tikamba pano si uja atupa ndi malungo ai. Uyu madokotala amamucha pancreas. Akhala kumbuyo kwa cifu, ndipo nchito yake ndi kupanga madzi ogaya cakudya ndiponso insulini imene icepetsa shuga m'magazi.

Kansa ya kapamba igwira makamaka anthu opitirira zaka 60, ndipo kwa osuta fodya ngozi iwirikiza kawiri. Kuipa kwake n'kwakuti iyamba mwakacetecete. Cotupa cikatseka njira ya ndulu, maso acita cikasu, mkodzo uda ngati tiyi wopanda mkaka, cimbudzi cituwa ndipo thupi liyabwa. Ena aonda, amva kupweteka m'mimba kopyoza mpaka kumsana, kapena apezeka ndi matenda a shuga mwadzidzidzi atakula kale.

Cikasu cibweranso ndi matenda a ciwindi kapena miyala ya m'ndulu, conco m'pofunika kupimidwa. Kucipatala ayamba ndi kupima magazi ndi kuunika m'mimba ndi makina a ultrasound. Akakaikira, atumiza wodwala ku CT scan imene ionetsa kukula kwa cotupa ndi kumene cafika. Nthawi zina atengako kanyama pacotupapo kuti akapime.

Opaleshoni yokha ndiyo ingacize kansa imeneyi. Yodziwika kwambiri ndi ya Whipple, dzina la dokotala wa ku America amene anaifotokoza mu 1935. Acotsa mutu wa kapamba, ndulu ndi ciyambi ca matumbo ang'onoang'ono, nalumikizanso zotsalazo. Pambuyo pake wodwala alandira mankhwala a chemotherapy kwa miyezi ngati 6. Iyi ndi nchito ya akatswiri, conco wodwala angatumizidwe ku Lusaka, kumene kuli UTH ndi Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007.

Zoona zake nazi: mwa odwala 5, pafupifupi mmodzi yekha ndiye afika opaleshoni ikali yotheka. Ngakhale kumaiko olemera, amene akhala ndi moyo zaka 5 ndi pafupifupi mmodzi pa odwala 10 alionse. Koma ocitidwa opaleshoni cotupa cikali cacing'ono ali ndi mwai waukulu kuposa pamenepa.

Ngati kansa yafalikira, thandizo lilipobe. Madokotala aika kapaipi kotsegula njira ya ndulu kuti cikasu ndi kuyabwa zicepe, ndipo morphine athetsa ululu.

Conco awerengi, bambo, mai kapena agogo akacita cikasu, musataye masabata ndi mankhwala ogula pamsika. Apelekeni kukiliniki sabata yomweyo, ndipo akakupatsani kalata yopita kucipatala cacikulu, musaisunge m'nyumba.