Tanthauzo la Liu la Chingerezi "Conceivable"

Liu limeneli limanena za chinthu chimene munthu angathe kuchiona m'maganizo, chingakhale sichinachitike. Lichokera ku mneni "conceive", ndiko kutenga ganizo mumtima. Mneni yemweyo amanenanso za mai akatenga pathupi. Tsono chinthu chotere chili ngati mwana amene sanabadwe.

Chenjerani pamenepa. Mukawerenga kuti "It is conceivable that prices will rise", sikuti mitengo idzakweradi ai. Wolembayo angonena kuti munthu angathe kuganiza chomwecho. Mlimi asaleke kugulitsa mtedza wake chifukwa cha mau otere. Chimene akuchiyembekezadi amati "likely", ndipo chosaganizika konse amati "inconceivable".

Aphunzitsi, kumbutsani ana kuti polemba liuli "e" amatsogola, "i" nabwera pambuyo.