Dzina la cônsul linachokera ku Roma

Munthu akataya pasipoti ali kudziko la eni, anzake amamuuza kuti athamangire ku consulado akaonane ndi cônsul. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kalelo dzinali linali la olamulira mzinda wa Roma.

Mbiri ya Aroma imati m'chaka cha 509 Yesu asanabadwe, anthu anapirikitsa mfumu yawo yankhanza, Tarquinius. Poopa kuti wina angadzawazunzenso, anagwirizana zosankha akuluakulu awiri chaka ndi chaka. Pachilatini ankawatcha consul. Iwowa ankatsogolera asilikali kunkhondo ndi kuitanitsa bwalo la akulu lotchedwa Senato. Mmodzi akafuna kulamula zosayenera, mnzakeyo anali ndi mphamvu yomuletsa. Chaka chikatha, onse awiri ankatula pansi udindo. Potchula zaka, Aroma ankangoti "chaka cha uje ndi uje", kunena maina a awiriwo.

Odziwa zilankhulo amati dzinali ndi lapachibale ndi mawu akuti consulere, kutanthauza kufunsa nzeru. Mawu akuti consulta, amene odwala amawamva kuchipatala, anachokera komweko.

Patapita zaka mazanamazana, amalonda a ku Génova ndi Veneza anapereka dzinali kwa munthu woweruza milandu yawo ndi kuwateteza m'madoko achilendo. Mpomwe panachokera cônsul wa lero. Iyeyu alibe asilikali. Ntchito yake ndi kusainira mapepala, kuzonda anthu akwawo akamangidwa, ndiponso kuthandiza achibale kutumiza maliro kumudzi. Pachinyanja ambiri amangoti kazembe.