Mwana wa magemu ndi mwana wa kandeke si mmodzi

Dandaulo limene likumveka kwambiri pakati pa makolo kuno ku Lundazi, kaya ndi pa msonkhano wa sukulu kaya pa maliro amuna akuwotha moto, ndi lakuti ana athu amezedwa ndi magemu. Akuti mnyamata akaweruka ku sukulu salunjikanso kunyumba koma ku kantemba kamene kali ndi TV ndi PlayStation, ndipo amene ali ndi foni amagona nayo m'bulangete. Dandauloli sitikulikana. Koma ife akulu tikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana, ndiye mkwapulo ukugwera wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Pali mwana amene akupikisana ndi anzake pa gemu ya magalimoto, ndipo pali mwana amene akuchova juga pa foni. Onse awiri awerama ndipo maso ali pa galasi, koma zimene akucita sizifanana konse.

Tiyambe ndi woyambayo. Ambiri a inu mukumbukira timagemu tolumikiza ku TV tija, tokhala ndi makatiriji acikasu, timene ena ankayendetsa ndi batire ya galimoto. Gemu imene ana ankalimbirana inali Super Mario Bros., imene kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa mu 1985. Kamunthu ka ndevu kamathamanga, kudumpha maenje, mpaka kukalowa m'nyumba ya malinga. Ana a kuno sankadabwa nayo nyumbayo, pakuti ndife tokha m'cigawo cino amene tili ndi Castle yathuyathu, ija anayamba kumanga bwanamkubwa Errol Button kumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Ife tinkayesa kuti ndi masewera amene amatha mwana akamera ndevu. Ayi ndithu. Kufikira lero kuli anthu m'maiko ambiri amene akusewerabe gemu yomweyo, ndipo colinga cao ndi cimodzi: kuitsiriza mofulumira kuposa wina aliyense. Iwo amati speedrun. Gemuyi ili ndi zigawo 32, koma iwo amadutsa zigawo 8 cabe cifukwa anapeza njira za cidule. Mu 2010 mnyamata wina wa ku America wodziwika ndi dzina lakuti AndrewG anakhala woyamba kuitsiriza mphindi 5 zisanakwane. Kuti munthu atsike pansi pa mphindi 4 ndi masekondi 55 panapita zaka zoposa 10, mpaka wina wochedwa Niftski anakwanitsa mu 2021. Taganizani, awerengi, zaka zoposa 10 kulimbana ndi masekondi osakwana 5! Wina anganene kuti uku ndi kusowa cocita. Ifenso tikanakonda khama lotere likanapita ku masamu. Komabe khama ndi khama, ndipo tiyenera kulichula ndi dzina lake.

Cida cao cacikulu ndi cimene amati glitch. Gemu iliyonse imalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amaphonya. Pamakhala malo amene wolembayo anaiwala kutseka, monga ciboo pa mpanda wa dimba cimene mwini sacidziwa koma mbuzi zikucidziwa. Mu gemu ya Mario muli khoma limene kamunthu kaja kamatha kulowamo ndi kutulukira kuseri, ngati wosewerayo wadumpha pa malo ake enieni ndi pa nthawi yake yeniyeni. M'magemu a magalimoto monga Mario Kart, anthu anapeza kuti ukadumpha mpanda pa ngodya inayake, makina amawerenga kuti wazungulira bwalo lonse pamene wangodula pakati.

Apa ndi pamene pali nkhani imene yaticititsa kulemba. Munthu akapeza ciboo cotere samabisa. Amajambula kanema, nafotokoza batani lililonse limene wadina, naika poyera kuti aliyense aone kwaulere, ngakhale akudziwa kuti mawa lomwe mnzake adzagwiritsa nchito nzeru yomweyo kumulanda ulemu. Dzina limene limalembedwa pamwamba ndi la munthu mmodzi, koma njira imene wadutsa inalambulidwa ndi anthu mazana amene ambiri a iwo sanaonanepo nkhope. Kwathu kuno tizolowera kuti wodziwa mankhwala a njoka amafa nao osauza ngakhale mwana wake, ndipo mlimi akapeza wogula nshawa pa mtengo wabwino amapita usiku kuti mnansi asamuone. Ana awa akucita zosiyana ndi ife.

Mwina mufunsa kuti, kodi kudutsa pa ciboo si cinyengo? Iwo anaiganizira kale nkhaniyi. Anagawa mipikisano: wina umalola glitch iliyonse, wina suilola konse, ndipo aliyense amanena poyera mpikisano umene walowa. Cinyengo kwa iwo ndi kunama za cimene wacita. Pa ici sasekerera munthu. Mu 1982 Todd Rogers ananena kuti watsiriza gemu ya magalimoto ya Dragster m'masekondi 5.51, ndipo dzina lake linafika mpaka m'buku la Guinness. Mu 2017 wosewera wina anasanthula kalembedwe ka gemuyo napeza kuti palibe munthu kapena makina amene angatsike pansi pa 5.57. Mu Januwale 2018 bungwe la Twin Galaxies, losunga mbiri ya opambana, linafafaniza zonse za Rogers. Zaka zoposa 35 za ulemu zinathera pa kacidutswa ka sekondi. Mu 2021 osewera gemu ya magalimoto ya Trackmania anagwiranso akatswiri ao ena amene ankacedwetsa gemu mwamseri poyendetsa, kenaka n'kuonetsa kanema wa liwiro lake lenileni. Sanagwidwe ndi apolisi. Anagwidwa ndi anzao.

Cigwirizano cimeneci cabala ndi zipatso zogwirika. Mu Januwale 2010 kagulu ka osewera ku America kanasonkhana m'nyumba ya mai ake a mmodzi wa iwo, Mike Uyama, nkumasewera anthu akuonerera pa intaneti ndi kuponya zopereka. Anapeza pafupifupi madola 10,000. Msonkhanowo, umene dzina lake ndi Games Done Quick, pofika 2024 unali utasonkhanitsa madola oposa 50 miliyoni. Gawo lalikulu limapita ku bungwe lolimbana ndi khansa ndiponso ku Médecins Sans Frontières, madokotala aja amene anayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu m'dziko la Malawi mu 2001.

Sitikunena kuti anyamata a pa boma pano afika pamenepo. Koma imani pa khomo la kantemba ka magemu kwa mphindi zocepa ndipo mumvetsere. Awiri ali ndi mapadi m'manja, asanu ndi mmodzi aimirira kumbuyo, ndipo onse akukuwa malangizo, wina m'Citumbuka wina m'Cicewa: khotera apa, dula pa filing'i sitesheni, usaponde buleki. Wamkulu akuphunzitsa wamng'ono njira imene idzamugonjetse iye mwini. Wogonja amapereka padi kwa wotsatira. Ndi khalidwe lomwe lija la madoda pa nsolo pansi pa mtengo, kungoti miyala yasanduka Need for Speed. Mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola ambiri, ambiri a iwo anabwerera ku mpira wa mapepala popanda wina kudwala. Ku Lusaka masewerawa anafika pokhala ndi timu yeniyeni, Team Gematrix, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa ndi mai, a Cholwe Shabukali.

Tsopano mwana waciwiri uja. Iye ali yekha, ndipo mukayandikira amatembenuza foni. Pa galasi pali kandeke kofiira kamene kakukwera, ndipo ndalama zimene waika zikuoneka ngati zikuculuka mpaka kandekeko katathawa nazo. Iyi ndi Aviator, ndipo ngakhale ikuoneka ngati gemu, ndi juga, mbale wake wa makina a bonanza. Mulibe luso limene munthu angaphunzire. Eni ake amanena okha kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse aika, yobwerera kwa ochova ndi pafupifupi K97. Ukasewera nthawi yaitali, K3 imeneyo imadya mpaka thumba la feteleza.

Coipitsitsa n'cakuti akuba aphunzira cilankhulo ca ana a magemu. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali anthu amene akuti apeza glitch ya kandeke, kapena ali ndi pulogalamu yolosera pamene kadzathawire, ndipo adzakupatsa ukatumiza ndalama pa foni. Ndi bodza. Nambala ya kandeke siipangidwa m'foni ya mwana wanu, ndipo munthu amene akanakhaladi ndi cinsinsi cotere sakanavutika kupempha K50 kwa mwana wa sukulu. Wosaka glitch weniweni amaonetsa umboni ndipo salipiritsa. Wogulitsa cinsinsi amayamba ndi mtengo.

Conco, inu makolo anzathu, musanatenge mkwapulo funsani mwanayo akuonetseni cimene akusewera. Wa magemu adzakondwa, mwinanso adzakutopetsani ndi kufotokoza. Wa kandeke adzazemba. Onaninso ngati akusewera ndi anzake amene mukuwadziwa, ndiponso ngati ndalama yosewerera ili ndi malire, kapena imafunika ina nthawi zonse kuti abweze imene yapita. Wa magemuyo nayenso afunika malire. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti kukodwa ndi magemu mpaka kusiya sukulu, tulo ndi abale ndi matenda, ndipo mwana amene wathawa ku munda nthawi yopalira alibe cowiringula, kaya akhale katswiri wotani.

Pempho lathu likupita kwa a khonsolo ndi kwa eni tumantemba. Mwana wovala yunifomu asalowe nthawi ya maphunziro. Ndipo makina a bonanza asakhale m'cipinda cimodzi ndi TV ya magemu, cifukwa mwana amene akudikira padi, cenji ili m'manja, ndi amene amayamba kuponyamo K1.