Kupeza Mmisiri wa Zotchinga Dzuŵa za Pawindo

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, chipinda chimene windo lake linaloza kumadzulo chimatentha kwambiri madzulo, makamaka kumadera otentha monga Chikwawa, Nsanje ndi Salima. Chifukwa chake nchakuti kuwala kwa dzuŵa kumaloŵa pagalasi mosavuta, koma kutentha kumene kumadza nako kumatsekeredwa m'nyumba. Motero chotchinga chopachikidwa kunja, monga cha nsungwi kapena bango, chimaziziritsa chipinda koposa cha m'kati, pakuti chimaletsa dzuŵa lisanakhudze galasi.

Tsono mmisiri wa ntchito imeneyi apezeka kuti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwini nyumba ayambe wafunsa anansi amene anaikitsapo kale, ndiponso ogulitsa zipangizo zomangira nyumba, popeza amisiri amagula misomali ndi zingwe kwa iwo. Kalipentala, telala wosoka makatani ndi woluka nsungwi, onse ali ndi gawo lawo. Asanagwirizane, nkofunika kupita kukaona ntchito imene mmisiriyo anagwira kwina.

Mmisiri weniweni amadziŵika poyeza. Ngati chotchingacho chidzakhala m'kati mwa mpata wa windo, iye amayeza m'lifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, natenga muyeso wochepetsetsa, nachotsapo pafupifupi sentimita 1, chifukwa makoma kaŵirikaŵiri saongoka. Amayang'ananso zogwirira za windo ndi zitsulo zoletsa akuba kuti zisatsekereze. Pakhoma la njerwa zosaotcha sikuluu siigwira bwino, choncho amayamba wakhomapo thabwa.

Chotchinga chikawonongeka, si nthaŵi zonse pamene pafunika chatsopano. Chingwe chodukaduka, kapena kachitsulo kamodzi kopindika, zimasinthidwa pamtengo wochepa. Cha nsungwi chikapakidwa vanishi chimalimba pamvula.

Mtengo wa zipangizo, wa ntchito ndi tsiku lomaliza zilembedwe papepala, ndipo ndalama zonse zisaperekedwe ntchito isanathe.

Chachikulu koposa ndi moyo wa ana. Chingwe cholendeŵera chingathe kukola mwana pakhosi mosamveka phokoso nkumupha m'mphindi zochepa. Mmisiri achifupikitse, akhome kokoloŵekapo pamwamba pamene mwana sangafike, ndipo bedi kapena mpando zisaikidwe pansi pa windolo. Mwini nyumba aone yekha kuti zimenezi zachitika asanalipire ndalama zotsala.