Cimene Dokotala Aona pa Cithunzi ca M'cifuwa

Lero tikambirana za cibayo, ndi za cithunzi cija ca X-ray cimene dokotala acipenyetsetsa asanakuuzeni mau.

Cibayo si nthenda yocita nayo masewera. Kale cinapha anyamata ambiri a maiko athu ano amene anapita kukakumba golide ku Johannesburg, kotero kuti m'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anchito ocokera ku maiko otentha a kumpoto. Lero mankhwala alipo, monga penisilini ndi amoxicillin, koma athandiza bwino nthenda ikadziwika msanga.

Kuwala kwa X-ray anakupeza Wilhelm Röntgen ku Würzburg, m'dziko la Germany, m'caka ca 1895. Kuwala kumeneku kupyola mpweya mosabvuta, koma mafupa akutsekereza. Cifukwa cace nthiti zioneka zoyera pa cithunzi, ndipo mapapo abwino aoneka akuda popeza adzala ndi mpweya. Tsono musaope kuda kumeneko. Cimene cidetsa nkhawa dokotala ndico kuyera pamalo poyenera kuda.

Phapo la kumanja liri ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, ndipo m'menemo muli timatumba tambirimbiri ta mpweya. Tizirombo ta cibayo, makamaka tochedwa pneumococcus, tikalowa, timatumbato tidzala ndi madzi ndi mafinya. Pamenepo munthu atentha thupi, apuma mobanika, amva kulasa m'nthiti, ndipo nthawi zina makhololo ace afiira ngati dzimbiri. Pa cithunzi cigawo codwalaco ciyera ngati mtambo. Kawirikawiri m'kati mwa kuyerako muoneka timizere takuda tonga nthambi za mtengo: ndito tinjira ta mpweya timene tikali totseguka.

Nanga dokotala adziwa bwanji cigawo cimene cadwala? Ayang'ana malire. Mbali ya kumanja ya mtima ikasowa m'kuyerako, nthenda iri m'cigawo capakati ca phapo la kumanja. Ukasowa mzere wa mnofu uja wolekanitsa cifuwa ndi mimba, nthenda iri m'cigawo ca m'munsi. Ndipo ngondya ya pansi, pamene mnofuwo ukomana ndi nthiti, ikaleka kusongoka, ndiye kuti madzi asonkhana kunja kwa phapo. Akacuruka, dokotala awacotsa ndi singano.

Inu a pansi pa mgodi, mverani ici. Nthenda zitatu zisiyana maonekedwe. Cibayo cidza m'masiku owerengeka, ndipo ciyeretsa malo amodzi kapena kumwaza mawanga. Cifuwa cacikuru cidza pang'onopang'ono, cikonda nsonga za pamwamba za mapapo, ndipo ciboolamo mphako. Nthenda ya pfumbi la miyala, imene madokotala aicha silicosis, ionetsa timadontho tambiri m'mapapo onse awiri, ndipo timeneti sitifafanizika. Munthu wa pfumbi m'mapapo agwidwa msanga ndi cifuwa cacikuru. Cifukwa cace musazembe tsiku lanu lopimidwa poopa kutaya nchito. Nchito ina munthu aipeza, koma mapapo ena sawapeza.

Komatu cithunzi sicinena zonse. Sicichula dzina la kacirombo. Ndico cifukwa cace apimanso makhololo. Ndiponso tsiku loyamba la nthenda cithunzi cikhoza kuoneka cabwino, munthu ali wodwaladi.

Cotsiriza ndi ici. Thupi licira msanga koposa cithunzi. Munthu akhoza kudzuka, kudya nsima yace ndi kubwerera ku nchito, kuyera kuja kukali m'phapo milungu ingapo. Tsono imwani mankhwala onse monga anakuuzani, musalekeze pakati pomva bwino. Ngati musuta fodya, kapena mwapitirira zaka 50, dokotala angakuuzeni kubwera kudzajambulidwanso patapita milungu 6. Pitani ndithu, pakuti kuyera kosacoka nthawi zina kubisa nthenda yina, monga cifuwa cacikuru kapena khansa.

Mukaona mnzanu, mkazi wanu kapena mwana atentha thupi ndi kupuma mofulumira, musayembekeze Loweruka kapena tsiku la malipiro. Mtengereni ku cipatala tsiku lomwelo. Tsalani bwino nonse.