Aveleira, mtengo umene umakhalitsa ukamadulidwa

Amene anagulako Nutella kapena chokoleti cha Ferrero Rocher m'masitolo a ku Tete analawa kale mtedza wa mtengo umene Apwitikizi amautcha aveleira, Angerezi n'kumati hazel. Kuno kwathu sumera, chifukwa umafuna miyezi yambiri ya chisanu. Dziko la Turkey lokha limakolola mtedzawu woposa theka la umene umakololedwa padziko lonse, makamaka ku Ordu ndi ku Giresun. Ku Portugal umalimidwanso, monga m'dera la Viseu.

Chimene mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano angachite nacho chidwi ndi kadulidwe kake. Aveleira wosiyidwa yekha amakhala zaka pafupifupi 80. Koma ku Britain anthu akale ankaudula m'munsi, n'kusiya chitsa, ndipo chitsacho chinkaphukira nthambi zambiri zowongoka. Pakapita zaka 7 mpaka 10 ankadulanso. Chitsa chosamalidwa motere chimatha zaka mazanamazana chikuphukabe. Nthambizo zimapindika osathyoka, choncho ankalukira mipanda ya nkhosa, madengu ndi makoma a nyumba zomata. Sankadula nkhalango yonse nthawi imodzi ayi: chaka chino chigawo ichi, chaka chamawa chinacho. Amene amasiya zitsa m'munda kuti ziphukire nkhuni ndi mipini akudziwa kale nzeru imeneyi.

Kadulidwe kameneka kamadyetsanso zamoyo zam'tchire. Pamalo podulidwa dzuwa limafika pansi, maluwa amamera, agulugufe amabwera. Mtengowu umatulutsa mungu mu Febuluwale, kumeneko kusanafunde, nthawi imene njuchi zimasowa podya. Agologolo ndi mbalame zina amakwirira mtedza kuti adzadye m'chisanu, ndipo umene auiwala umamera. Koma chimene chimadalira kwambiri mtengowu ndi kanyama konga mbewa kotchedwa dormouse. Kamadya mbozi za pamasamba, kenako kamanenepa ndi mtedza, n'kugona tulo nyengo yonse yachisanu. Kamaboola chikhokho bowo lozungulira losalala, ndipo akatswiri akatola zikhokho zotere amadziwa kuti kanyamako kalipo ngakhale asanakaone. Anthu atasiya kudula mitengoyi mosinthanasinthana, nkhalango zinachita mdima, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kanyamaka kachepera ku Britain.

Ku Ireland mtengowu uli ndi nthano yake. Akuti mitengo 9 ya aveleira inazungulira chitsime cha nzeru, mtedza wake n'kumagwera m'madzi. Nsomba ina ya mtundu wa salmon inaudya ndipo inatenga nzeru zonse za padziko. Mkulu wina anaigwira atailondalonda zaka zambiri, n'kuuza mnyamata wake Fionn mac Cumhaill kuti aiwotche koma asalawe. Mafuta otentha anadumphira pachala cha mnyamatayo, iye n'kuchiika m'kamwa. Nzeru zonse zinapita kwa wowotcha, mwini nsomba n'kutsala manja lende.

Chikhulupiriro china chikadalipo mpaka lero. Ofuna pokumba chitsime amagwira kanthambi ka mphanda ka aveleira n'kumayenda nako m'munda, akuti kamagwedera pamene pali madzi pansi. Asayansi atayesa njirayi anapeza kuti siiposa kungolota, koma m'midzi ina ya ku Ulaya mwini kanthambi amaitanidwabe makina okumba asanafike.